KUCIRITSA DAMBO NDI MTSINJE WACE

Alimi anzathu a cigawo ca Kum'mawa, inu a ku Chipata, Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi, mau awa alembedwa kwa inu, ndipo akamba za dambo limene liri kumunsi kwa mudzi wanu. M'dambomo mutunga madzi akumwa, mulima dimba la matimati, repu, anyezi ndi cimanga caciwisi, mudyetsa ng'ombe m'mwezi wa Okutobala pamene msipu wa kumtunda watha, ndiponso mumweta udzu wofolera nyumba. Koma madambo ambiri adwala. Citsime cimene kale cinali kufika ku mvula yoyamba cisanaphwe, masiku ano ciphwa mu Ogasiti. Pakati pa dambo pang'ambika cigwembe, ndipo mtsinje umene unali ndi maiwe a milamba wadzala mcenga.

Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cirala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pakuti cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera m'minda. M'caka cotere banja lokhala ndi dimba la cinyontho lipeza ndiwo ndi kandalama ka ufa, pamene banja limene dambo lace linauma liyembekezera cithandizo cokha. Akulu anati citsime cidziwika kuya kwace cikaphwa. Cifukwa cace tifuna kukufotokozerani umo dambo lodwala liciritsidwira, ndi manja anu, ndi zinthu zimene ziri m'mudzi mwanu momwemo.

MADZI A M'DAMBO ACOKERA KUTI?

Ambiri aganiza kuti madzi a m'dambo abadwira m'dambo momwemo. Si tero ai. Madzi amene mutunga pa citsime mu Seputembala ndiyo mvula ija inagwa mu Januwale pa minda yanu ndi pa nkhalango ya kumtunda. Mvulayo inalowa pansi, niyenda pang'onopang'ono m'nthaka miyezi yambiri, kufikira inakomana ndi dongo lolimba la m'dambo. Pamenepo inayamba kutuluka ngati thukuta m'mphepete mwa dambo, pomwe mukumba zitsime ndi kulima madimba. Tsono mtsuko weniweni wa madzi ndiwo mtunda. Dambo ndi pakamwa pace.

Tiyeni tiwerenge pang'ono. Dera la Chipata lilandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 1,000 pa caka. Mvula imodzi yabwino ya mamilimita 25 ikagwa pa lima imodzi, ndiko kunena gawo limodzi la magawo anai a hekitala, itsanulira pamenepo malita 62,500. Amenewo ndi madiramu pafupifupi 300 a malita 210. Pa caka conse lima yomweyo ilandira madiramu pafupifupi 12,000. Ena a madziwa amwedwa ndi mbeu, ena auma ndi dzuwa. Otsalawo ali ndi njira ziwiri zokha: kulowa pansi kuti mudzawapeze m'cirimwe, kapena kuthamanga pamwamba tsiku lomwelo, atasenza nthaka yanu ya conde.

Dambo nalo liri ndi nchito yace. Madzi a mvula akafika m'dambo lamoyo, akomana ndi udzu wothithikana, mlulu, bango ndi njedza. Zomera zimenezi zithyola mphamvu ya madzi, ndipo madzi akayenda mofatsa matope akhala pansi. Mizu imwa feteleza ndi ndowe zimene zakokoloka m'minda, ndipo tizirombo tosaoneka ndi maso ta m'matope tiononga zonyansa zambiri. Dambo licita monga khuntho la mowa: masese atsala, madzi oyera napitirira kunka ku mtsinje.

Mtsinjewo suli wanu nokha. Anthu a m'tauni ya Chipata amwa madzi a m'madamu a pa Lutembwe, ndipo nthaka yokokoloka m'minda ya kumtunda kwace ikwirira madamuwo. Madzi a Lutembwe, Msandile ndi Lupande athera mu Luangwa, Luangwa nathira mu Zambezi. Cimene mucita pa dambo lanu laling'ono cimveka kutali.

CIMENE CIDWALITSA DAMBO

Nthenda iyamba kumtunda. Mitengo ikatha ndi makala, nkhuni zoochera njerwa ndi zoumitsira fodya, mvula imenya nthaka yamaliseche niiumitsa pamwamba ngati pabwalo. Mizere yotsetsereka molunjika ku dambo isanduka ngalande. Moto wa mu Okutobala unyeketsa udzu ndi masamba onse, kotero kuti mvula yoyamba ipeza phulusa lokha. Njira ya ng'ombe ndi ngolo, yopondedwa tsiku ndi tsiku pa malo amodzi, ikumbika nikhala khwawa.

Madzi onsewa afika m'dambo nthawi imodzi ndi ukali. Akapeza kuti pakati pa dambo palimidwa, kapena wina anakumba ngalande yocotsera madzi m'dimba lace, ayamba kudya nthaka. Poyamba ndi kamng'alu kamene mwana angathe kulumpha. Zikapita zaka zowerengeka ndi cigwembe cimene cimeza ng'ombe. Tsono mverani bwino apa: cigwembe ciumitsa dambo monga cibowo ca pansi pa mtsuko. Cikazama mamita 2, madzi a m'nthaka a mbali zonse ziwiri atsikira m'menemo nacoka, zitsime zitsika, mlulu ndi bango zifa, ndipo m'malo mwace mumera zitsamba za kumtunda.

Nthenda iyi si ya lero. M'caka ca 1928 Boma la Atsamunda linadula malo ochedwa Native Reserves m'dera la Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndipo Angoni, Acewa ndi Ansenga anapanikizidwa m'malo ocepa, pamene dziko lalikulu linali m'manja mwa kampani ya North Charterland. Anthu ndi ng'ombe anaculuka pamodzi, nkhalango zinatha, zigwembe zinang'ambika. M'caka ca 1941 Boma linagula malo a kampaniyo niliyamba kusamutsirako midzi, ndipo alimi analamulidwa kuunda migula yopingasa, osamvera nalipitsidwa. Anthu anaida nchitoyo cifukwa inadza ndi cikakamizo, ndipo ambiri anaileka ufulu utabwera mu 1964. Koma cimene cinali coipa ndico cikakamizo. Migula inalibe mlandu. Lero palibe mesenjala wokuimirirani kumbuyo. Nchito iyi ndi yanu, ndi phindu lace ndi lanu.

NCHITO YOYAMBA: YAMBANI KUMTUNDA

Munthu amene ayamba ndi kutseka cigwembe asanakonze minda ya kumtunda ataya mphamvu zace cabe, pakuti mvula yaikulu imodzi idzakokolola zonse wamanga. Yambani kumene madzi ayambira.

Mizere yanu ipingase citunda, isatsetsereke naco. Kuti mupeze mzere woongoka bwino, mangani mitengo 3 ngati cilembo A, mupacike cingwe cokhala ndi mwala pansonga pace, ndipo Mlangizi wa Zaulimi adzakuonetsani mayesedwe ace. Pa mzere umenewo undani mgula, ndi kubzalapo udzu wa vetiva, mbande ndi mbande motalikana masentimita 10 kapena 15. Mizu ya vetiva itsika pansi mamita 2 kapena 3, ndipo udzuwo ukagwirana ukhala mpanda umene uimitsa nthaka ndi kulola madzi kulowa pansi. Mapesi musaoche, agonekeni m'munda aphimbe nthaka.

Zitsa za mitengo ya m'thengo zimene ziphukira, monga msuku, mtondo ndi mlombwa, musazizule zonse. Siyani mphukira imodzi kapena ziwiri zamphamvu pa citsa ciri conse, pakuti mtengo wophukira pa mizu yakale ukula msanga kuposa mbande ya ku nazale. M'munda bzalani msangu, umene uyoyola masamba m'dzinja, kotero suphimba cimanga ndi mthunzi. Pa malo a kafukufuku a Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri anayesa mitengo ya jerejere ndi gliricidia kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, napeza kuti ibwezera conde m'nthaka yoguga. Mitengo yomweyi ipatsa nkhuni pafupi ndi nyumba, nkhalango nipuma.

NCHITO YACIWIRI: TSEKANI CIGWEMBE

Nchito iyi icitika m'cirimwe, kuyambira Julaye kufikira Okutobala. Pitani ku mutu wa cigwembe, pamene madzi agwera pansi ngati mathithi. Pamenepo mpamene cigwembe cikulira, cifukwa caka ndi caka cidya cobwerera kumtunda. Gumulani phompholo ndi makasu likhale lotsetsereka pang'onopang'ono, yalanipo miyala, ndipo mvula ikayamba bzalanipo kapinga ndi vetiva.

Mukatero mangani machinga m'kati mwa cigwembe, kuyambira kumtunda kutsika kumunsi. Kumene kuli miyala mangani ndi miyala. Kumene kulibe, khomani zikhomo mizere iwiri ndi kupanikiza nthambi pakati pace. Malamulo a chinga labwino ndi awa:

1. Lisatalike kupitirira bondo la munthu wamkulu. Machinga ambiri aafupi aposa limodzi lalitali.
2. Pakati pace pakhale potsika kuposa m'mbali, kuti madzi adutse pakati, asakadye magombe.
3. Mapiko ace alowe m'kati mwa gombe mbali zonse ziwiri, ndi tsinde lace likumbiridwe pansi.
4. Kumunsi kwace yalani miyala, kuti madzi pakugwa asakumbe dzenje ndi kugwetsa chinga.
5. Msonga ya chinga la kumunsi ilingane ndi tsinde la chinga la kumtunda kwace. Pa malo otsetsereka kwambiri machinga ayandikane.

Chinga sililetsa madzi kupita, lingowacedwetsa. Kuseri kwace kudzaunjikana matope, ndipo m'matopemo bzalani nsenjere, bango ndi nsungwi. Zikhomo zidzaola pakapita zaka zowerengeka, koma pamenepo mizu idzakhala itagwira nchito yao. Pansi pa cigwembe pakakwera, madzi a m'nthaka akwera nao, ndipo zitsime za m'mbali ziyamba kusunga madzi nthawi yaitali. Ikagwa mvula yaikuru pitani mukaone machinga anu ndi kukonza pogumuka tsiku lomwelo.

NCHITO YACITATU: BWEZERANI MTSINJE COBVALA CACE

Mtsinje wopanda udzu ndi mitengo m'magombe ace uli ngati nkhokwe yopanda denga. Siyani lamba wosalima mbali zonse ziwiri za mtsinje, wosacepera mamita 10 pa kamtsinje kakang'ono, ndi wokulirapo pa mtsinje waukuru. Pakati peni peni pa dambo, pamene madzi ayenda m'dzinja, ndi pa mutu pa dambo pamene pali kasupe, khasu lisafikepo konse.

M'lambamo udzu udzamera wokha mukauleka. Onjezanimo mitengo ya m'madzi imene makolo anaidziwa: mkuyu, katope, mbawa, mwimbi ndi kanjedza. Mizu yace imanga gombe, ndi mthunzi wace uziziritsa madzi, nsomba nizikondwa. Bulugamu musambzale m'dambo kapena pafupi ndi kasupe, pakuti akula msanga ndi kumwa madzi ambiri caka conse. Malo ace ndi kumtunda. Nzimbe nazo zimwa kwambiri, cotero zikhale zocepa.

Sitinena kuti muleke madimba. Dimba ndilo nkhokwe yaciwiri ya banja. Koma likhale m'mphepete mwa dambo, pamene madzi atuluka okha, ndipo pakati pa dimba ndi dimba patsale mpata wa udzu. Mabedi apingase njira ya madzi. Thirani manyowa ambiri, pakuti nthaka ya manyowa isunga cinyontho, ndipo mudzatunga madzi ocepa. Ngalande zakuya zolunjika ku mtsinje zikwirireni. Oumba njerwa ndi okumba mcenga apatsidwe malo ao ndi Nyakwawa, kutali ndi gombe, ndipo akwirire maenje akatha nchito.

NCHITO YACINAI: NG'OMBE NDI MOTO

Ng'ombe siziononga dambo cifukwa ca kudya kokha, koma makamaka cifukwa ca kuponda pamene nthaka iri yofewa. M'dzinja, msipu uli ponseponse, zidyetseni kumtunda. Dambo lisungidwire miyezi ya njala ya ng'ombe, ndipo muligawe zigawo, kuti cigawo cimodzi cidyedwe pamene cina cipuma. Sankhani malo amodzi kapena awiri omwetsera, pa gombe lotsika, muyalepo miyala, ndipo akhale kumunsi kwa potunga madzi akumwa. Pamene mwabzala mitengo ndi pamene mwamanga machinga chingani ndi minga zaka 2 kapena 3.

Lambulani njira yoletsa moto kuzungulira dambo ndi nkhalango mu Meyi kapena Juni. Ngati pafunika kuocha chire, ochani nthawi yomweyo, madzulo, udzu ukali ndi cinyezi, amai atatha kumweta tsekera wofolera. Moto wa nthawi imeneyo uyenda mofatsa ndi kusiya mitengo yaing'ono yamoyo. Moto wa mu Okutobala, woyatsidwa cifukwa ca mbewa zowerengeka, upha zonse.

MADZI AKUMWA

Dambo lisefa madzi, koma silingathe kucotsa ciphe ciri conse. Botolo la mankhwala a thonje kapena a matimati, ndi pampu yopopera, musatsukire mu mtsinje kapena pa citsime. Cimbudzi ndi khola zikhale mamita osacepera 30 kucokera pa citsime, ndipo zikhale kumunsi kwace. Citsime cimangiridwe mpanda ndi kubvundikiridwa, ndi pocapira pakhale patali pang'ono. Ana aphunzitsidwe kusakodza m'madzi, cifukwa mazira a likodzo acokera mu mkodzo wa wodwala, naswa m'madzi, ndipo tizirombo tace tilowa mu nkhono za m'madzi, nitibwereranso kwa anthu osamba ndi ocapa. Ndipo ngakhale madzi aoneke oyera ngati galasi, aphitseni kapena thiranimo klorini, pakuti tizirombo ta kolera sitioneka ndi maso.

KODI DAMBO LOONONGEKA LINGACIREDI?

Inde licira, ndipo dziko lathu liri ndi umboni wace. Ku cigawo ca Kumwera, m'zidikha za mtsinje wa Kafue, muli nkhalango ya nyama ya Lochinvar. Kumeneko citsamba ca minga cochedwa Mimosa pigra, cocokera ku America, cinaphimba malo akulu a msipu, kotero kuti nyama za lechwe ndi mbalame za m'madzi zinasowa podyera. Kuyambira 2017 bungwe la International Crane Foundation ndi anzace, pamodzi ndi a Boma oyang'anira nyama za m'thengo, analemba nchito anthu a m'midzi yozungulira, ndipo iwo anadula ndi kucotsa citsambaco pa mahekitala oposa 2,000. Udzu unamera, nyama ndi mbalame zinabwerera. Ngati manja a anthu a m'midzi anatha kucita zotere pa malo akulu cotero, dambo la mudzi umodzi silingakukanikeni.

Musayembekeze kuona zonse m'caka cimodzi. Cizindikiro coyamba ndi matope ounjikana kuseri kwa machinga. Pambuyo pace mudzaona mlulu ukumera pamene panali pouma, ndi madzi a mtsinje akuyera msanga mvula itakata. Acule adzaculuka, nkhanu zidzakumba m'magombe, kakowa ndi nanchengwa adzatera pa maiwe, ndipo pamene pali mbalame zotere dziwani kuti nsomba zabwera. Madzi saiwala khwawa. Nsombazo muzisunge: musaphe ndi ombwe kapena mankhwala ena, musakoke ndi masikito amene anaperekedwa kuti akuchinjirizeni ku malungo, ndipo lemekezani nthawi imene Boma litseka usodzi kuti nsomba ziswane, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale.

DAMBO NDI LA MUDZI WONSE

Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi akasunga lamba wace, mnzace wa kumtunda nalima kufikira m'madzi, onse awiri ataya. Cifukwa cace nchito iyambe ndi msonkhano. Nyakwawa aitane amuna ndi akazi, eni madimba, eni ng'ombe, oumba njerwa ndi anyamata obusa. Amai alankhule momasuka, pakuti ndiwo adziwa mwezi umene citsime ciri conse ciphwa. Yendani pamodzi kucokera pa mutu pa dambo kufikira ku matsiriro ace, muone ndi maso anu pamene pabvulala. Kumene dambo limodzi ligawana midzi ingapo, nkhani ipite kwa Mfumu, kuti lamulo likhale limodzi.

Mukagwirizana, lembani malamulo anu m'buku: pamene sipalimidwa, pomwetsera ng'ombe, mwezi woocha, ndi cilango ca wolakwa. Khomani zikhomo kapena bzalani vetiva pa malire kuti pasakhale mkangano. Musaganize kuti cimeneci ndi cinthu cacilendo. Taonani mitengo ya ku manda: iri ciimire kufikira lero, popanda waya kapena mlonda, cifukwa mudzi wonse unabvomerezana kuti nkhwangwa isalowemo.

Boma nalo liri ndi mbali yace. Dziko la Zambia linalowa mu 1991 m'pangano la maiko losunga madambo ndi zithaphwi, limene linapangidwa mu 1971 ku Ramsar m'dziko la Iran, ndipo malo 8 a dziko lino analembedwa m'panganolo. Amodzi mwa iwo ndiwo zidikha za Luangwa, kumene madzi a madambo ambiri a Kum'mawa athera. Lamulo la madzi la 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA loyang'anira mitsinje ndi madzi a pansi, ndipo amene afuna kumanga damu kapena kupatutsa mtsinje ayenera kuyamba wapempha cilolezo kumeneko.

KUMBUKIRANI NYENGO ZACE

Meyi ndi Juni: msonkhano wa mudzi, kuyendera dambo, kulambula njira za moto.
Julaye kufikira Okutobala: kuyesa migula, kututa miyala, kumanga machinga, kufesa mitengo ku nazale.
Novembala kufikira Januwale: kubzala vetiva, nsenjere, nsungwi ndi mitengo, nthaka itanyowa bwino.
Febuluwale kufikira Epulo: kukonza pogumuka, kupalira mitengo, kuletsa ng'ombe m'dambo.

Mukawerenga kabuku aka, kawerengereninso anzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo mukaonetse Nyakwawa wanu. Pitani kwa Mlangizi wa Zaulimi wa m'dera lanu ndi kwa a Zankhalango mukafunse za mbande za vetiva ndi za mitengo, ndi kuwapempha adze kudzayesa nanu mgula woyamba. Musadikire caka cina ca cirala. Miyala ya machinga itutidwe mvula ya caka cino isanagwe.